Chithunzi Chimene Chinayenda pa Wilibala

4 Malichi

Okondedwa amake Kawayilesi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi mwana wathu, pamodzi ndi apongozi anga ndi bondo lawo lija. Ine kuno ndili bwino, kupatula manja amene atuwa ngati a munthu wokanda ufa chifukwa cha sopo. Ntchito ndi yomwe ija yotsuka mabasi ku depoti. Patsiku ndimatsuka asanu ndi awiri, ndipo zimene anthu amasiya pansi pa mipando sindingazilembe m'kalata yopita kwa munthu amene ndimamulemekeza.

Nkhani yabwino ndi iyi: ndapeza chipinda. Ndasiya kugona pakhonde la anzanga ngati katundu woiwalika. Chipindacho n'chabwino ndithu, chozizira bwino, dzuwa silivutitsa munthu ngakhale pang'ono. Madzi si vuto, moti ena amachita kubwera okha osawaitana. Zenera lilipo limodzi, koma analikhomerera kalekale, ati kuopa akuba. Pakali pano ndikukhala ndi mkulu wina wosoka zovala, aliyense amangoti Atelala. Ndi munthu wofatsa, makina ake ndiwo olongolola.

Eni nyumba ndi bambo wamimba yabwino, amene ochita lendi onse amawatcha a Mawamawa. Ukawauza kuti mpopi ukudontha, amati mawa. Ukati chitseko cha chimbudzi chagwa, amati mawa. Mawu akuti lero amawakumbukira pa tsiku la lendi lokha. Ali ndi nyumba zitatu m'dera lomwe lino, ndipo zonse zikudikira mawa yemweyo.

Ndalama ndapatsira alamu, adalaivala athu. Muyambe mwagula kapampu ka Kawayilesi kopopera m'kamwa kaja, zina zibwere pambuyo. Kuno dzira limodzi mtengo wake kwathu mungagule nkhuku yoikirayo, choncho musaganize kuti ndikunona. Mbuzi yaikazi ija musagulitse, ngakhale achimwene anga abwere ndi nkhope yachisoni.

Chifuwa cha mwana chili bwanji? Munandilembera kuti mphumu inamugwira kawiri mwezi watha, mpaka wayilesi yathuyo inazima masiku atatu osayankhula. Mtima unandipweteka kwambiri. Pafupi ndi pano pali chipatala chimene mankhwala a mphumu sasowa. Sukulu ikatsekera mu Ogasiti mubwere nonse awiri, tidzakhale pamodzi ngati anthu. Za Atelala ndidzaona pochita.

Munditumizire chithunzi chanu muli ndi mwana, chachikulu ndithu. Pali malo ena pakhoma amene akufunika chithunzi.

Ine mwamuna wanu wa manja otuwa.


2 Epulo

Amake Kawayilesi,

Landirani moni wochuluka. Ndakondwa kumva kuti nonse mukudzuka bwino. Inenso ndilipo.

Chithunzi chafika. Inu mwaoneka bwino kwambiri, ngakhale mwamuyang'ana wojambulayo ngati munali naye mlandu. Kawayilesi watuluka kukamwa kuli yasa, ndikudziwa kuti anali pakati pa nkhani. Ndagula felemu ya galasi n'kuchipachika pamwamba pa bedi. Chakwana ndendende pamalo paja.

Mwafunsa chifukwa chake kalata yanga inanunkha ngati thumba lonyowa loiwalika kuseri kwa nyumba. Amayi, mphuno yanuyo mukanailembetsa ntchito kupolisi bwenzi pano tili olemera. Ndi mapepala a kuno amenewo, amawapanga choncho. Mwafunsanso kuti madzi obwera okha ndi otani. Kumeneko kunali kucheza chabe.

Atelala akutsokomola masiku ano, makamaka m'mawa, koma akuti ndi ulusi umene umawalowa pakhosi. Nsapato zanga zopitira kutchalitchi zinamera tiubweya tobiriwira. Ndazipukuta, zili bwino.

Kuno kwachitika zachilendo. Kwabwera kalata yochokera ku khonsolo yakuti oyendera nyumba za lendi adzafika kudzaona ngati nyumbazi n'zoyenera kugonamo anthu. Tonse tinayang'anana kuti wakadandaula ndani. Palibe! Akuti masiku ano sadikira dandaulo, amangoyendera nyumba iliyonse ya lendi pa nthawi yake, munthu asanadwale kapena kupsa ndi moto. Kalatayo yatchula masiku atatu, nyumba iliyonse ya a Mawamawa tsiku lakelake. Yathu ino ndiyo yomaliza, pa 5 Juni.

Dzulo a Mawamawa anatulukira, tsiku losakhala la lendi, mpaka galu wa pano anaiwala kuuwa. Analowa m'chipinda mwathu, anayang'ana chithunzi chanu nthawi yaitali, kenaka anachitukula pang'ono n'kusuzumira kuseri kwake. Atatero anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Mphwanga, iwe uli ndi mutu. Ndiponso nkhope yakoyi ndi ya munthu woti anthu n'kumukhulupirira." Chibadwire palibe anandiuzapo mawu amenewa, ngakhale inu. Akuti ali ndi kaganyu kondiyenera, tidzakambirana Loweruka.

Muwauze apongozi kuti mafuta opaka pabondo ndikufunafunabe otsika mtengo.

Ndine wanu, bambo a Kawayilesi.


19 Epulo

Okondedwa amake mwana,

Ndili bwino, kaya inu kumeneko. Ndilemba mwachidule poti msana ukuchita kulira.

Kaganyu kaja ndayamba. N'kokankha wilibala basi, katundu wopepuka, kuchoka nyumba ina kupita nyumba ina. Malipiro ake si ndalama ayi, koma chinthu choposa ndalama. A Mawamawa alonjeza kuti pofika Ogasiti adzawapezera Atelala malo ena, chipinda chino chidzakhala cha ife atatu, lendi osakwera. Ndinawafunsa kawiri ngati akunena Ogasiti kapena mawa. Analumbira atagwira pamimba.

Andibwerekanso jekete. N'lalikulu, manja ake amabisa zala, koma ndikalivala anzanga a ku depoti amayamba ndi iwo kupereka moni.

Mukamva kuti Lolemba sindinapite kuntchito musadandaule, ndinapempha. Chithunzi chanu chili bwino, chinangoyendako pang'ono kukaona tauni.

Za denga la kukhitchini kwanuko, mmisiri aike malata awiri okha, ndipo misomali muwerenge nokha asanakwere. Kawayilesi asamasewere pafumbi. Mumuuze kuti basi imene ndinatsuka dzulo inali ndi wayilesi yomuposa kulongolola, ndiye asanyade.

Ine wanu wotopa.


14 Meyi

Amake Kawayilesi,

Kalata yanu ndalandira. Moni munaiwala kulemba, koma ndikudziwa kuti muli bwino, chifukwa munthu wodwala sangakanikize cholembera mpaka kubowola pepala malo anayi.

Ndiye alamu akuuzani kuti anandiona nditavala jekete, nditaima pakhomo la nyumba ina, ndikulandira mkazi wachikwama mano onse ali panja. Patapita milungu itatu anandionanso pakhomo la nyumba inanso, ndikulandira mkazi yemweyo, pachingwe patayanikidwa diresi. Zonsezo n'zoona. Koma kandimverere anakanena za m'maluwa. Alamuwo akanatsika m'galimoto n'kundifunsa, bwenzi pano simunandiswere mbale zanga ndi ukali.

Mverani tsono. Mkaziyo ndi woyendera nyumba wa ku khonsolo. Timawatcha Mayi Tochi, poti amayenda ndi tochi masanasana n'kumaunika m'makona. A Mawamawa ali ndi nyumba zitatu, koma katundu wabwino ali ndi wokwana nyumba imodzi: botolo lofiira lozimitsira moto limodzi, kabelu kolira kukakhala utsi kamodzi, mutu wa mpopi wosadontha umodzi, katani imodzi, ndi wochita lendi wooneka wosangalala mmodzi, amene ndi ine. Tsiku loyendera likafika ndimakweza zonsezi pa wilibala kupita nazo kunyumba imene ikuyenderedwayo. Eni zipinda enieni amauzidwa kuti akapitidweko mphepo mpaka madzulo, ndipo zipinda zoipitsitsa amazitseka ndi loko n'kulembapo kuti SITOLO. Diresi lija ndi la akazi awo a Mawamawa, amaliyanika kuti pazioneka ngati pabanja. Mukanaona kukula kwake simukanachita nsanje.

Chithunzi chanu nachonso chili pantchito. Kunyumba yoyamba chinabisa bowo la mawaya a magetsi osakutira. Kwachiwiri chinabisa mng'alu woti mkono n'kulowa.

Koyambako zinayenda bwino. Mayiwo anafunsa kuti, "Madzi amatuluka?" Ndinati amatuluka. "Makoswe?" Ndinati sindinawaonepo, ndipo sindinaname, poti ndinali nditakhala m'nyumbamo maola awiri okha. Anayamikira chithunzi n'kumapita.

A Mawamawa anati kwachiwiri kudzabwera munthu wina. Komabe anandiveka chipewa ndi magalasi awo owerengera, moti chilichonse ndinkachiona pawiri. Nditsegule chitseko, ndi Mayi Tochi omwe aja, awiri!

"Bambo, kodi sitinaonanepo?"

"Ayi mayi, mwina munaona mbale wanga. Tinabadwa mapasa."

Anaunika botolo lofiira, anawerenga nambala yake n'kulemba m'buku. Kenaka anakaima pa chithunzi.

"Nanga mayi awa ndi a ndani mwa awirinu?"

Thukuta linatsika mpaka m'masokosi. Ndinati, "Ndi anga, koma mbale wangayo amawalemekeza kwambiri."

Sanaseke, sanakalipe. Anangoti, "Chabwino. Mukamuuze wachitatuyo kuti pa 5 Juni ndidzafika nayini koloko."

Ndiye taonani mmene zilili. Amati mapanga awiri avumbwitsa, nanga ine wa atatu? Koma zonsezi ndikuchitira chipinda chathu, palibenso china. Musapite kwa amayi anu, bondo lawo silingathe milandu. Ndipo alamuwo asadzandipemphenso sopo wa ku depoti.

Ine mwamuna wanu wosalakwa, pa nkhani ya mkazi yokha.


6 Juni

Okondedwa amake Kawayilesi,

Ndili moyo. Ndikhulupirira kuti inu ndi mwana muli bwino. Kalata iyi muwerenge mutakhala pansi, ndipo muwerenge nokha.

Dzulo linali tsiku la nyumba yathu. Loweruka tinapaka penti pakhoma, koma pofika Lachitatu khomalo linali litailavula. Chithunzi chinabwerera pamalo pake. Atelala anakana kukapitidwa mphepo, ati ali ndi mayunifolomu a sukulu ofunika Lachisanu, choncho a Mawamawa anawatsekera pamodzi ndi makina awo m'chipinda cholembedwa SITOLO, n'kuwalamula kuti azipuma motsitsa.

Mayi Tochi anafika nayini koloko yeniyeni. Anandiyang'ana n'kuti, "Mwadzuka bwanji nonse atatu?" Ndinayankha kuti tadzuka bwino. Botolo lofiira analisisita ngati mnzawo wakale. Nthawi yomweyo m'sitolo muja munamveka chifuwa, chija chochokera kuphazi.

"N'chiyani chimenecho?"

"Makoswe, mayi," anatero a Mawamawa.

"Khoswe ameneyo mupite naye kuchipatala. Tsegulani."

Atelala anatuluka tepi yoyezera ili m'khosi, n'kupereka moni mwaulemu.

Mpaka pamenepo ndinkaseka chamumtima. Kenaka mayiwo analowa m'chipinda mwathu. Ali ndi kachipangizo kooneka ngati foni, akakagunditsa pakhoma kamalira ngati muli chinyezi. Pakhoma lathu kanalira ngati kapondedwa. Anafunsa kuti, "Ndingatsitse chithunzichi?" A Mawamawa anatsokomola pondipatsa chizindikiro. Mayiwo anachitsitsabe.

Amayi, ndakhala ndikukunamizani kuyambira Malichi. Kuseri kwa chithunzi chanu kuli nkhungu yakuda bii, yonyowa, ya fungo lija munalimva m'kalata. Mvula ikagwa madzi amatsika m'khomamo kuchokera kudenga. Chithunzi chachikulu ndinapempha kuti ndisamaione.

Mayiwo anatembenuza felemu, kumbuyo kwake kunali kutafufuma. Anaunika tochi pagalasi n'kundiitana kuti ndidzaone. Nkhungu yalowa m'kati. Inu yangokudyani mpango. Koma Kawayilesi yamuyamba paphewa n'kutsika pachifuwa ponse, madontho akuda okhaokha. Tsiku ndi tsiku ndimachiyang'ana chithunzicho, koma mumdima wa m'chipinda muno sindinaone.

"Ali ndi zaka zingati?"

"Zisanu ndi chimodzi."

"Amakhala kuti?"

"Kwathu, ndi amake. Akubwera mu Ogasiti. Kuno kuli chipatala chabwino, poti ali ndi mphumu."

Anatseka buku lawo. Anati, "Bambo, ili ndi pepala, lili m'galasi, ndipo silipuma. Lakhala pano miyezi iwiri yokha, kwinaku likuyendako maulendo."

Ndinavula jekete n'kupereka kwa mwini wake. Ndinanena zonse, za wilibala, za diresi, za mawaya, za mng'alu, za anthu opitidwa mphepo. Ndinawatengera ngakhale kuchimbudzi kukaona chitseko chimene tinachimangirira ndi chingwe cha nsapato. A Mawamawa anatsokomola mpaka Atelala anawatungira madzi.

Ndachita manyazi, ndipo ndili ndi mantha. Ndikanamubweretsa ndekha mwanayo, ndi tikiti yogula ine, kudzamugoneka pansi pa khoma limenelija. Chipinda mwina ndataya. Matikiti musagule. Ndikhululukireni.

Ine bambo ake.


3 Julaye

Amake Kawayilesi,

Moni nonse. Ndasangalala kumva kuti mwezi uno mphumu sinamugwire. Ine ndili bwino.

Kalata yanu ya mizere itatu ndaiwerenga kakhumi. Mwati munadziwa kuyambira kalata yoyamba, ndipo mwana simukanabwera naye musanamve zoona, munkangoonerera kuti bodzalo ndilikankha mpaka pati. Mwatinso mbale zanga zatsala ziwiri. Zikomo, n'zokwana.

A Mawamawa anandiuza tsiku lomwelo kuti ndilongedze, ndipo aka kanali koyamba kuti asanene mawa. Koma Mayi Tochi anali atamata kale pepala pachitseko, lonena kuti munthu asachotsedwe m'nyumba chifukwa chowauza zoona oyendera, ndiponso kuti nyumba zonse zitatu zikonzedwe pasanathe miyezi iwiri, apo ayi lendi asalandirenso. Bambowo anawerenga pepalalo katatu, ndi magalasi aja.

Pano pali chipwirikiti. Amisiri asasula denga, apala khoma mpaka kufika panjerwa, azula misomali ya pazenera. Litatseguka tinapeza kuti kunjako kuli mtengo wa mapeyala. Atelala akhala m'chipinda chija zaka zinayi osadziwa. Podikira atisamutsira kuseri kwa nyumba yawo a Mawamawa, m'chipinda chimene amasungiramo matayala akale. N'chouma, chowala, chopita mphepo. Amayi, matayala ankagona bwino kuposa ife. Chifuwa cha Atelala chayamba kutsika, chikhalirecho ulusi ndi womwe uja.

Botolo lofiira lija analiyesa pabwalo anthu akuona. Linangoti fyee ngati mphaka woyetsemula, osatuluka kanthu. Mtunda wonse uja ndinkakankha chinthu chopanda kanthu! Pano agula atatu atsopano, ndipo pobwera nawo nkhope yawo inali ya munthu wochokera kozula dzino.

Anzanga ochita lendi agawikana. Ena akundigwira chanza, ena akuti lendi ikakwera adzandipeza. A Mawamawa ndikawapatsa moni amayang'ana kumwamba ngati kwadutsa ndege. Lonjezo lija la chipinda chathu tokha linapita ndi jekete. Za Ogasiti sindikudziwa, ndipo ndikadziwa ndidzalemba monga zilili, osathira shuga.

Mafuta a bondo ndapatsira alamu. Takhululukirana, koma sopo ayi.

Wanu, amene akugona ndi matayala.


9 Ogasiti

Okondedwa amake Kawayilesi,

Ndili bwino, ndipo ulendo uno mungathe kununkhiza pepalali mmene mungafunire. Ndikhulupirira nanunso muli bwino.

Bwerani.

Mayi Tochi anabweranso Lachinayi osatumiza kalata, paja chakudza sichiimba ng'oma. Anagunditsa kachipangizo kawo pakhoma ponse, m'munsi, m'mwamba, kuseri kwa bedi. Kanangoti chete. Anatsegula mpopi, anagwedeza chitseko cha chimbudzi, anawerenga nambala ya botolo. Potuluka anandifunsa kuti abale anga awiri aja ali bwanji. Ndinati anasamuka. Ndinaona dzino lawo limodzi, ndikuganiza kuti kumeneko kunali kuseka.

Atelala akana kuchoka kwa matayala. Akuti m'menemo ulusi ukulowa m'singano ulendo umodzi. A Mawamawa atamva kuti malo a matayala angabale lendi anavomera tsiku lomwelo, ndipo mayi aja anakaunikamonso. Choncho chipinda chino ndi chathu. Lendi yakwera pang'ono, sindibisa. Ndapempha kuti azindipatsa basi yachisanu ndi chitatu patsiku. Mbuzi ija tsopano gulitsani ikhale ya matikiti, koma osati kwa achimwene.

Mukwere basi ya Lachisanu pa 22. Kapampu kakhale m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wa pamwamba. Mwana avale juzi, ndipo asatole chilichonse pansi pa mpando, ndikudziwa chimene ndikunena. Mudzandipeza pa depoti, wopanda jekete.

Chithunzi chija sindinataye. Chili m'sutikesi, ndidzakupatsani kuti muzisunga inu. Tsiku limene mudzaone kuti ndayambanso kukometsa nkhani, mudzangochitulutsa n'kuchiika patebulo.

Pamsomali paja sindinapachikepo kanthu, khoma lili poyera. Khonsolo yavomereza, koma woyendera wamkulu sanafike. Tikadzafika pakhomo, ine ndi mwana tidzaima panja. Inu mudzalowe nokha, mudzatseke chitseko, mudzanunkhize makona onse anayi. Mukadzati alowe, ndiye adzalowe, tidzatsegule wayilesi yathu mpaka a Mawamawa akadandaule ku khonsolo.

Ine mwamuna wanu, mmodzi yekha.